Phunziro: Mankhwala a Khansa ya M'mawere ndi Thupi la Mayi

Amayi ena pakati pathu adadwala khansa ya m'mawere. Achipatala cha Lichinga adawatumiza ku Nampula kapena ku Maputo. Ambiri amabwerako ndi mapiritsi a tamoxifen, akumwa zaka 5.

Mankhwala a khansa angaletse mayi kusamba. Angaumitsenso m'njira ya abambo. Pamayabwa, pamawotcha, ndipo pokhala malo amodzi ndi bambo mayi amamva kuwawa. Ambiri amangopirira chifukwa cha manyazi. Ena amasiya mapiritsi, ndipo khansa ingabwerenso.

Tisasiye mankhwala. Tiwauze anamwino.

Tisambe kunja kokha ndi madzi oyera. Sopo, zitsamba ndi nsanza zoumitsira tisaike m'kati, ngakhale anamkungwi adatiphunzitsa kutero, pakuti zimabweretsa zilonda. Tifunse kufamasi mafuta oterera opangidwa ndi madzi. Vaseline amang'ambitsa kondomu. Mafuta a estrogen tisadzole dokotala asanavomere.

Abambo, izi si kukana mwamuna. Musafulumire, ndipo akamva kuwawa lekani.

Tikaona magazi pamene tidaleka kusamba, tipite kuchipatala msanga.

Mafunso
1. N'chiyani chimaumitsa m'njira ya abambo?
2. Tikaona magazi tichite chiyani?