PHUNZIRO LA ZA UMOYO: Zakudya Zosayanjana ndi M'mimba

M'midzi yambiri muli anthu amene avutika ndi m'mimba kwa miyezi, ena kwa zaka, osadziwa chimene chili kuwadya. Akangotha kudya mimba itupa ngati ng'oma, m'kati mulira, mpweya uchuluka, ndipo tsiku lina atsegula m'mimba pamene tsiku lina adzimbidwa. Munthu wotere ayamba kusala zakudya. Mwezi uno aleka mkaka, mwezi wamawa aleka nyemba, pambuyo pake mtedza, mazira ndi masamba, kufikira atsala ndi nsima ndi madzi a mchere okha. Tsono thupi liyamba kutha, koma m'mimba simuleka kupweteka. Phunziro la mwezi uno lifotokoza chifukwa chake zakudya zina siziyanjana ndi anthu ena, ndiponso njira yopezera chakudya chovutacho popanda kudzipha ndi njala.

CHIMENE CHICHITIKA M'MATUMBO

Chakudya chikachoka m'chifu chilowa m'matumbo aang'ono, m'mene timadzi ta m'thupi tichigaya kuti chilowe m'magazi. Chimene chakanika kugayika chipitirira ku matumbo aakulu. M'menemo mukhala tizilombo tosaoneka ndi maso tochuluka ndithu, ndipo tambiri mwa ito ndi tothandiza. Tizilomboti tikalandira chakudya chosagayika tichisasitsa monga momwe thobwa lisasira likagona masiku awiri, ndipo patuluka mpweya. Chakudya chomwecho chikokeranso madzi m'matumbo. Mpweyawo ndiwo utupitsa mimba, ndipo madziwo ndiwo atsegulitsa m'mimba.

ZINTHU ZITATU ZOSIYANA

Anthu akati chakudya chakuti sichiwayanja, kawirikawiri asokoneza zinthu zitatu.

1. Kusagayika kwa chakudya. Uku ndiko kwafotokozedwa pamwambapa. Kuvutitsa ndithu, koma sikupha munthu, ndipo kuyendera kuchuluka kwa chakudyacho. Pang'ono sipavuta, mbale yodzaza ndiyo iputa mavuto.

2. Ziwengo. Apa thupi limenyana ndi chakudya ngati mdani, makamaka mtedza, mazira, nsomba kapena mkaka. Pasanapite nthawi yaitali munthu atuluka zidzolo zoyabwa, milomo itupa, ndipo nthawi zina abanika. Ngakhale kachidutswa kakang'ono kangathe kumupha. Wobanika kapena wotupa pakhosi athamangire naye ku chipatala nthawi yomweyo, ndipo chakudya chimenecho asadzachiyesenso kunyumba.

3. Chakudya choipa. Chinangwa chowawa chosaviika mokwanira, mtedza wa chuku ndi ndiwo zogona zosatenthetsanso zidwalitsa munthu aliyense. Ngati banja lonse ladwala pamodzi, cholakwa chili mu mphika.

ZAKUDYA ZIMENE ZIVUTA KAWIRIKAWIRI

Mkaka. Mu mkaka muli shuga wotchedwa lactose, amene agayidwa ndi timadzi ta m'matumbo totchedwa lactase. Khanda liri nato tambiri, koma mwana akaleka kuyamwa timadzito tiyamba kuchepa. Pa dziko lonse lapansi, pafupifupi akulu awiri mwa atatu alionse ali otero. Mitundu ina imene yaweta ng'ombe ndi kumwa mkaka kuyambira kale lomwe, monga Amasai, Atutsi ndi anthu a kumpoto kwa Ulaya, ambiri a iwo asunga timadzito kufikira ukalamba, koma anthu ambiri a kuno satero. Kotero munthu wamkulu amene mimba yake ilira patapita theka la ora kapena maora awiri atamwa mkaka sali wodwala ayi. Ndimo thupi lake linapangidwira. Ambiri otere angathe kumwa kapu imodzi pa tsiku osavutika kwenikweni, makamaka akamwera pa chakudya kapena akaigawa m'mawa ndi madzulo. Chambiko chivuta pang'ono koposa mkaka wosasasa, pakuti gawo lina la shugayo latha kale posasa.

Nyemba, nandolo, khobwe, nzama ndi soya. M'zakudya izi muli mtundu wa shuga umene palibe munthu angaugaye, ndipo n'chifukwa chake zidzetsa mpweya kwa aliyense, koma ena aumva kuwawa koposa anzawo. Wophika aziviike usiku wonse, ataye madziwo, ndi kuziphika m'madzi ena kufikira zitapsa bwino. Kuchotsa makoko, monga achitira pophika chipere, kuthandizanso. Munthu akamadya pang'ono pang'ono masiku onse, matumbo azolowera pakapita masabata angapo.

Anyezi, adyo, kabichi, mango ambiri nthawi imodzi ndi uchi. Izinso zisasa msanga m'matumbo mwa anthu ena.

Tirigu. Buledi, masikono ndi mandasi zitupitsa mimba anthu ena. Koma palinso nthenda ina yotchedwa coeliac, imene igwira pafupifupi munthu mmodzi mwa 100 alionse pa dziko lapansi. Mwa anthu amenewa chinthu cha mu tirigu chotchedwa gluten chiononga m'kati mwa matumbo, kotero kuti mwana apinimbira ndipo wamkulu achepa magazi. Amene anatsimikiza zimenezi ndi dotolo wa ana wa ku Holland dzina lake Willem Dicke. Pa njala imene inagwa m'dziko lake m'zaka za 1944 ndi 1945, nthawi ya nkhondo, buledi atasowa, ana odwala nthendayi anayamba kupeza bwino, ndipo buledi atabweranso anadwalanso. Iye analemba zimene anapeza m'chaka cha 1950. Wodwala nthendayi ayenera kuleka tirigu moyo wake wonse, koma chimanga, mpunga, mapira, mawere, chinangwa ndi mbatata ziribe gluten. Woganiziridwa nthendayi ayezedwe akali kudya tirigu, pakuti akaleka kale, poyeza sipaoneka kanthu.

AYAMBE WAPITA KU CHIPATALA

Munthu asanaweruze chakudya chiri chonse, ayambe wakayezetsa chimbudzi ndi magazi. Pali matenda ochizika amene aoneka ngati kusayanjana ndi chakudya. Njoka za m'mimba zitero, likodzo la m'matumbo litero, ndiponso kachilombo kotchedwa Giardia, kamene kalowa m'thupi ndi madzi akumwa osatetezedwa. Kachilomboka kakhoza kuchititsa kuti mkaka uvute kwa masabata angapo, ndipo matumbo akapola munthuyo amwanso mkaka bwinobwino.

Zilonda za m'mimba nazonso kale anthu ankati zidza ndi tsabola kapena maganizo. Koma m'chaka cha 1982 madotolo awiri a mu mzinda wa Perth ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anapeza kachilombo ka m'chifu kamene tsopano katchedwa Helicobacter pylori, ndipo anaonetsa kuti ndiko kadzetsa zilonda zambiri. Analandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 2005. Mankhwala a masabata awiri angathe kukapha kachilomboka, pamene kusala zakudya zaka khumi sikungakaphe. Mapiritsi a ululu monga aspirin ndi ibuprofen, akamwedwa kawirikawiri, apweteka chifu nawonso, ndipo wodwala auze dotolo ngati amawamwa.

Zizindikiro izi zikaoneka, munthu asachedwe ndi kuyesa zakudya, koma apite ku chipatala msanga:

(a) magazi m'chimbudzi, kapena chimbudzi chakuda ngati phula;
(b) kuonda popanda chifukwa;
(c) chakudya kukakamira pakhosi pomeza, pakuti khansa ya kummero ndi yochuluka m'Malawi koposa m'maiko ambiri;
(d) kusanza kosaleka, kapena kusanza magazi;
(e) kutsegula m'mimba kopitirira masabata awiri;
(f) kutentha thupi ndi thukuta la usiku, zimene zifuna kuyezetsa TB ndi HIV;
(g) kuyera m'zikhatho ndi m'maso;
(h) vuto la m'mimba loyamba kumene munthu atapitirira zaka 50.

DOTOLO AKAPANDA KUPEZA KANTHU

Zichitika kuti ayeza zonse koma osapeza nthenda. Apa ndipo ambiri ataya mtima. Ena anena kuti wodwalayo angonamizira pothawa khasu. Ena ayamba kunong'onezana kuti anadyetsedwa, naloza chala mpongozi, mlamu kapena mkazi mnzake, ndipo chibale chitha pa mlandu wopanda wolakwa.

Madotolo adziwa kuti pali anthu ambiri amene matumbo awo alibe chilonda kapena kachilombo, koma amva kuwawa msanga ndi mpweya umene mnzawo sangaumve n'komwe. Nthendayi aitcha irritable bowel syndrome, kapena IBS mwachidule. Ululu wake ndi weniweni. Ikula pamene munthu ali ndi nkhawa, pamene sagona bwino, kapena pambuyo pa kudwala kamwazi, koma sisanduka khansa ndipo sifupikitsa moyo. Kuyambira chaka cha 2005 madotolo a pa Monash University ku Australia akhala akuonetsa kuti ambiri a odwala otere apeza bwino akachepetsa zakudya zosasa msanga m'matumbo, monga zija zatchulidwa kale. Koma iwo omwe alangiza kuti kusalako kukhale kwa masabata awiri kufikira asanu ndi limodzi okha, ndipo pambuyo pake zakudyazo zibwezedwe chimodzichimodzi.

NJIRA YA KOPE

Kukumbukira kwa munthu kunama. Akadwala madzulo aneneza chimene wadya masana, chonsecho chovuta chingakhale cha dzulo. N'chifukwa chake afunika kope ndi pensulo. Wosadziwa kulemba apemphe mwana wa sukulu amlembere.

1. Kwa masabata awiri adye monga mwa masiku onse, nalembe tsiku liri lonse chimene wadya, kuchuluka kwake, nthawi imene m'mimba mwayamba kuvuta, ndi mmene chimbudzi chinaliri. Alembenso ngati tsikulo anali ndi nkhawa, anamwa mowa kapena mankhwala, ndipo mayi alembe masiku a kumwezi.

2. Aone chakudya chimene chipezeka kawirikawiri pa masiku oipa.

3. Aleke chakudya chimodzi chokhacho kwa masabata awiri, zina zonse akudya. Akaleka zitatu pamodzi napeza bwino, sangadziwe chimene chinali kumvuta, ndipo adzasala ziwiri pachabe.

4. Ngati palibe kusintha, chakudyacho n'chosalakwa. Achibweze ndi kuyesa china.

5. Ngati wapeza bwino, achibweze pang'onopang'ono: tsiku loyamba masipuni awiri, lachiwiri theka la kapu, lachitatu kapu yathunthu. Pamene vuto layambiranso, pamenepo ndiye malire ake. Azidya zosafika pa malirewo.

6. Patapita miyezi itatu kapena inayi ayesenso, pakuti matumbo asintha.

Ntchito iyi itenga miyezi iwiri kapena itatu, koma akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Popita ku chipatala atenge kopelo, pakuti lithandiza dotolo koposa mawu akuti "chiri chonse chindipweteka."

CHOCHOTSEDWA CHILOWEDWE M'MALO

Thupi lifuna magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, za nyama, za mtundu wa nyemba, masamba, zipatso ndi za mafuta. Munthu angathe kuleka chakudya chimodzi, koma asaleke gulu lonse. Woleka mkaka adye usipa kapena matemba pamodzi ndi minga yake, ndiponso bonongwe ndi mpiru, kuti mafupa alimbe. Wochepetsa nyemba aonjeze mazira, nsomba kapena nsinjiro. Wolephera kabichi ali ndi nkhwani, chisoso ndi kholowa. Wolephera mango ali ndi mapapaya, malalanje ndi nthochi.

Kuopsa kwa kudalira nsima yokha kunaoneka poyera m'chaka cha 1990 pakati pa anthu a ku Mozambique amene anathawira nkhondo m'Malawi. Mtedza utaleka kufika m'misasa yawo, anthu oposa 17,000 anadwala nthenda ya pellagra, imene idza munthu akamadya chimanga popanda ndiwo zokwanira. Khungu lida ndi kusupuka pamene pawomba dzuwa, mutu usokonezeka, ndipo m'mimba mutsegula. Kotero munthu wosala zakudya zambiri poopa kutsegula m'mimba angathe kudziitanira nthenda ina yotsegulitsanso m'mimba.

Ana aang'ono, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa asasalitsidwe chakudya popanda uphungu wa ku chipatala. Mwana akatsegula m'mimba apitirize kuyamwa, napatsidwe madzi a ORS.

NTCHITO YA A PABANJA NDI APHUNZITSI

Pa mwambo wa kumudzi, kukana chakudya kwa eni nyumba kuoneka ngati mwano, ndipo ambiri adya chimene adziwa kuti chiwapweteka poopa kutchedwa onyada. Wodwala afotokoze bwino kwa abale ake, ndipo pa ukwati kapena pa maliro adye zimene zimuyanja ndi kuthokoza. Mayi wophika sayenera kuphika miphika iwiri ayi. Angopatula ndiwo za wodwalayo asanathire anyezi, kapena phala lake asanathire mkaka. Aphunzitsi aone ana amene atuluka kawirikawiri m'kalasi kapena agwira pamimba atatha kudya, asawalange kapena kulola anzawo kuwaseka, koma auze makolo kuti akaonane ndi mlangizi wa za umoyo.

MAFUNSO OBWEREZA

1. Kodi mpweya wa m'mimba uchokera kuti?
2. Kodi ziwengo zisiyana bwanji ndi kusagayika kwa chakudya?
3. Chifukwa ninji chambiko chivuta pang'ono koposa mkaka wosasasa?
4. Ndi zizindikiro ziti zimene zifuna chipatala msanga?
5. Chifukwa ninji munthu ayenera kuleka chakudya chimodzi chokha pa nthawi imodzi?
6. Munthu woleka mkaka angadye chiyani m'malo mwake?