Mtolo Woyamba wa M'munda

Musanapitirire, tsegulani Levitiko 23:9-17 pa foni yomweyo, kenaka 1 Akorinto 15:20-23.

Ife a kuno ku Chipata phunziro ili silingativute. Chaka ndi chaka, kumapeto kwa February, Angoni amasonkhana ku Mtenguleni pa Nc'wala, ndipo Inkosi ya Makhosi Mpezeni amalawa zoyamba za m'munda. Pa mwambo wa makolo, dowe akhwime bwanji, munthu sankadya mfumu isanalawe. Ndipo February mumamudziwa: nkhokwe ili mbee, ufa wakwera mtengo, chimanga chili apo m'munda koma mukungochiyang'ana. Za Nc'wala yonse sindikamba lero. Ena mwandifunsa kale, tidzakhalira pansi ndi Abishopu. Ndangotolapo chinthu chimodzi chabe.

Aisraeli nawonso anali ndi lamulo lotere, lochokera kwa Yehova mwini. Mbewu zikacha, m'nyengo ya Paskha, ankamweta mtolo umodzi n'kupita nawo kwa wansembe. Iye ankauweyula pamaso pa Yehova, ndipo tsiku lomwelo ankapereka mwana wa nkhosa wamphongo, wa chaka chimodzi, wopanda chilema. Izi zisanachitike, panalibe wololedwa kudya za m'munda zatsopano, kaya mkate, kaya zokazinga, kaya zaziwisi.

Manje taganizani. Mtolo umodzi ungadyetse banja? Ayi ndithu. Mtolowo unkaimira munda wonse. Mulungu akaulandira, ndiye kuti munda wonse walandiridwa, okolola alowe.

Onani tsiku lake pa vesi 11: tsiku lotsatira Sabata. Kusukulu ya zaumulungu tinaphunzira kuti Afarisi ndi Asaduki ankatsutsana kuti Sabata limeneli ndi liti. Asiyeni. Chimene Mauthenga onse anayi akugwirizana n'chakuti Yesu anafa m'nyengo ya Paskha, nagona m'manda pa Sabata, ndipo m'mamawa wa tsiku lotsatira amayi aja anapeza m'manda mulibe munthu. Paulo, amene anakula ali Mfarisi, ankaudziwa bwino mwambowu. N'chifukwa chake polembera Akorinto akumutcha Khristu chipatso choyamba cha iwo amene anagona. Aleluya!

Apa ndipo ndikufuna tichedwepo, makamaka inu amene mwaika maliro chaka chino. Ine bambo anga ndinawaika kumudzi, mvula ikugwa, ndipo kwa miyezi ndinkalalikira za kuuka mtima uli gwa. Chimene chinandidzutsa ndi vesi 23. Paulo akuti pali dongosolo: woyamba Khristu, kenaka ake a Khristu pa kubwera kwake. Munda ndi umodzi, kukolola ndi kumodzi. Kuuka kwa Yesu ndi kuuka kwa bambo anga sizinthu ziwiri zosiyana. Kukolola kunayamba kale m'mawa uja, ndipo mtolo unalandiridwa.

Tsono mlongo wanga, achibale akakuuzani kuti malemu sakugona bwino, mugule mbuzi kapena nkhuku yakuda kuti mzimu wake ukhazikike, ayankheni mwaulemu, musanyoze akulu. Koma dziwani kuti wofa mwa Ambuye sakudikira magazi a mbuzi. Nkhosa yopanda chilema inaperekedwa kale, kamodzi kokha. Ndalama imeneyo gulirani ana amasiye makope ndi yunifomu.

Levitiko sakuthera pamenepo. Kuchokera pa tsiku la mtolo ankawerenga masiku 50, n'kubwera ndi mikate iwiri ya ufa watsopano. Tsikulo ndiye Pentekoste, pamene Mzimu Woyera anatsika ndipo anthu ngati 3,000 anabatizidwa, monga mwa Machitidwe 2. Mikateyo inkaphikidwa ndi chotupitsa, chimene pa Paskha chinali choletsedwa m'nyumba. Nanga Mulungu ankailandiriranji? Funso limenelo ndakusiyirani.

Tikumane Lachitatu pa mapemphero a madzulo, tidzayambire pamenepo. Ngati mukudziwa wina amene ali pachisoni, mutumizireni uthengawu, ndipo mukamutenge mubwere naye.