Phunziro 17: Mzinda wa Tete

Ambirife tinafikako ku Tete. Ena tinapita kukagulitsa mbatata, ena kuchipatala chachikulu, ena kukatenga zikalata za boma. Lero tiyeni tiudziwe bwino mzindawu, pakuti zochitika kumeneko zimafika mpaka m'minda mwathu.

Tete ndi likulu la chigawo chathu. Mzindawu uli kuchigwa, m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi. Ife a kumapiri a Angónia ndi Tsangano tikatsikirako mu Okutobala timasowa pogona, chifukwa kutentha kumapitirira madigiri 40. Mvula ndi yochepa. Mitengo yake ndi milambe ndi masau. Chimanga chimavuta, koma kudimba. Alimi akumeneko amadalira mapira, mchewere ndi mbuzi. Mbuzi ya ku Tete njotchuka mpaka ku Maputo. Eni mzinda amalankhula Chinyungwe, ndipo tikatchera khutu timamvana nawo.

Nanga bwanji anthu anamanga mzinda pamalo otentha chonchi? Chifukwa cha mtsinje. Kale kunalibe misewu. Ngalawa zochokera kunyanja yamchere zinkakwera ndi Zambezi mpaka pa Tete, koma kumtunda kwake mathithi a Cahora Bassa ankatseka njira. Choncho katundu ankatsitsidwa pamenepa. Amalonda Achiswahili ndiwo anayamba kuchitapo malonda. Apwitikizi anadzakhazikikapo cha m'ma 1530. Ankafuna golide wa dziko la Mwene Mutapa kumwera, ndi minyanga ya njovu ya dziko la Amaravi kumpoto. Pambuyo pake anatenga malo aakulu otchedwa prazo, nasunga asilikali awo, Achikunda. Mlimi wokhala pa prazo ankapereka msonkho wa zokolola zake. Kenaka anthu enieniwo anasanduka malonda, natengedwa ukapolo. Golide, minyanga, anthu, zonsezi zinkadutsa pa Tete kupita kunyanja. Zotsalira eni nthaka zinali zochepa.

Atsamunda anautcha Tete mzinda mu 1959. Pa nkhondo ya ufulu, pa 16 Disembala 1972, asilikali awo anapha anthu mazanamazana ku Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo, kufupi ndi mzindawu. Ufulu unadza mu 1975.

Lero katundu sayendanso pangalawa. Mlatho waukulu wolendewera pazingwe zachitsulo unatha kumangidwa mu 1973, ndipo tsopano umatchedwa Samora Machel. Wachiwiri, wa Kassuende, unatsegulidwa mu 2014. Malole opita ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi kudoko la Beira amaolokera pa Tete usana ndi usiku.

Kumtunda kwa mtsinje, pa mathithi aja, anamangapo damu la Cahora Bassa, lomwe linatsekedwa mu 1974. Magetsi ake ambiri amagulitsidwa ku South Africa, ndipo dziko lathu linatenga ulamuliro wa damuli mu 2007. Koma funsani agogo a m'mbali mwa Zambezi. Adzakuuzani kuti kale madzi ankasefukira pa nyengo yake, nasiya matope achonde m'madimba. Damu litabwera, madzi anayamba kukwera ndi kutsika potsata ntchito ya magetsi, osati potsata mvula.

Chuma china ndi malasha a ku Moatize, makilomita 20 okha kuchokera mumzinda. Kampani ya ku Brazil ya Vale inayamba kutumiza malashawa kunja mu 2011, ndipo mu 2022 inagulitsa mgodi wake kwa kampani ya Vulcan. Malasha anabweretsa ntchito, nyumba zatsopano ndi mitengo yokwera. Apa ife alimi timvetse bwino. Pansi pa minda ya anthu ndi pamene panali malashawo. Mabanja oposa 700 anasamutsidwira ku Cateme. Atafikako anadandaula kuti nthaka njamiyala, madzi ngosowa, msika uli kutali. Mu Januwale 2012 anatseka njanji ya malasha kuti awamve.

Lamulo la malo la 1997 likuti nthaka ndi ya boma, siigulitsidwa. Likutinso mudzi wolima malo mwa mwambo wa makolo uli ndi ufulu pamalopo ngakhale ulibe chikalata, ndipo wofuna malowo ayenera kuyamba wakhala pansi ndi eni mudzi. Pamsonkhano wotere pamalembedwa pepala. Tisadinde chala tisanaliwerenge, ndipo lonjezo lililonse, kaya la munda kaya la chitsime, lilembedwe.

Tsono mzindawu umadya chiyani? Pa kalembera wa 2017 munali anthu oposa 300,000. Malasha sadyedwa, magetsi sadyedwa. Mbatata ya kachewere, nyemba, kabichi ndi chimanga chambiri cha m'misika ya Tete zimatsika kuchokera kumapiri kwathu kuno. Fodya wathunso amakakonzedwa kufakitale ya ku Tete. Koma kuchokera ku Ulónguè ulendo wake ngwopitirira makilomita 200, ndipo mlimi mmodzi sangadzaze lole. Ndiye wamalonda amabwera pakhomo ndi chidebe chake, natchula mtengo wake. Alimi khumi akasonkhanitsa matumba awo, amatha kulipira galimoto limodzi ndi kukagulitsa okha.

Tikambirane: Kodi thumba la mbatata tikugulitsa ndalama zingati pamudzi pano? Nanga ku Tete likugulidwa zingati? Lembani mitengo iwiriyi m'kope, muchotsere ndalama ya galimoto.