Mizu Nayo Imapuma: Zimene Paini Wanga wa Bonsai Anandiphunzitsa

Paini wanga woyamba wa bonsai ndinamupha ndekha. Ndinamudzala m'dothi lamakande la kudimba, n'kumathirira m'mawa ndi madzulo. Patapita miyezi ingapo masamba ake anayamba kuuma. Nditamuzula, ndinapeza mizu itada bii, yofewa, ikununkha.

Ndiye chinalakwika n'chiyani? Takumbukirani phunziro la respiration lija mu Biology. Maselo a mizu ndi amoyo, ndipo amafuna okosijeni kuti atulutse mphamvu kuchokera ku shuga wopangidwa m'masamba. Mpweyawu umakhala m'timipata ta m'dothi. Tizidutswa ta makande n'tating'ono zedi, tosakwana mamilimita 0.002, choncho madzi akalowa amatseka timipata tonse. Mizu imabanika, kenako n'kuwola.

Bonsai ndi luso la ku Japan lolera mtengo weniweni mumphika wosazama. Kumeneko amakonda paini wakuda, Pinus thunbergii, ndipo samudzala m'dothi wamba. Amagwiritsa ntchito akadama, dothi la m'madera a mapiri ophulika lomwe limakhala timibulutimibulu, n'kulisakaniza ndi pumice, mwala wopepuka wamabowobowo. Kambulu kalikonse kamasunga chinyontho mkati mwake, pamene pakati pa timibuluto pamadutsa madzi ndi mpweya. Ine akadama ndilibe, ndiye ndimaphwanya njerwa zowotcha, kusefa fumbi lonse, n'kusakaniza ndi mchenga wokhakhala wa kumtsinje komanso timakungwa ta paini.

Ngakhale dothi labwino limaphwanyika pakapita nthawi, mizu nayo imadzaza mphika. N'chifukwa chake paini wamng'ono amamusintha dothi pakatha zaka 2 kapena 3, wokalamba pakatha zaka 4 kapena 5. Nthawi yake ndi kumapeto kwa nyengo yozizira, mphukira zikangoyamba kufufuma.

Ndikamutulutsa mumphika, ndimamasula mizu pang'onopang'ono ndi kamtengo kosongoka, n'kudulako yaitali yozungulira m'mbali. Sindipitirira gawo limodzi mwa magawo atatu.

Apa ndiye tcherani khutu. Pamizu ya paini wathanzi mudzaona zinthu zoyera ngati chuku. Musatsuke! Ameneyo ndi fangasi wokhala limodzi ndi mizu, ndipo ubale wawowo umatchedwa mycorrhiza. Timaulusi take timathandiza mtengo kuyamwa madzi ndi fosiforasi, mtengowo n'kumamupatsa shuga. Choncho dothi lina lakale ndimalisiya pamizu.

Ndikatero ndimamanga mtengowo ndi waya kuti usagwedezeke, kuthira dothi latsopano, n'kuthirira mpaka madzi atatuluka kunsi. Ndimauika pamthunzi masabata awiri kapena atatu, ndipo feteleza amadikira kaye pafupifupi mwezi.

Tayesani izi kunyumba. Dulani mabotolo awiri apulasitiki, muboole kunsi. Lina muikemo makande, lina njerwa zophwanya. Thirani kapu imodzi ya madzi m'botolo lililonse, muwerenge masekondi amene madziwo atenge kuti atuluke. Kenako dzifunseni: mukanakhala muzu, mukanasankha botolo liti?