Ufulu wa Anthu Aulumali wa Ubongo pa Ntchito za Boma

Kabuku aka ndi ka makolo, achibale ndi eni ake aulumali umene umayamba munthu ali wamng'ono n'kukhudza kakulidwe kake: kuchedwa kuyankhula ndi kumvetsa zinthu, autism, Down syndrome ndi cerebral palsy. Ena amabadwa nawo. Ena umawagwera chifukwa chobanika pobadwa, malungo aakulu ofika ku ubongo kapena matenda oumitsa khosi. Palibe chokhudza ufiti kapena kukhwima kwa makolo.

Malamulo akuti chiyani?

Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali. Mu 2009 dziko lino linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, ndipo mu 2024 panabwera lamulo latsopano lomwe linakhazikitsa bungwe loona za anthu aulumali la MACODA m'malo mwa MACOHA.

Panganoli likuti chilungamo sichikwanira pongochitira onse chimodzimodzi. Mwana wosapirira phokoso akauzidwa kudikira pamzere tsiku lonse ngati wina aliyense, mayi ake amabwerera naye kunyumba asanaonane ndi dokotala. Pamenepo wamanidwa thandizo ngakhale palibe amene wamuthamangitsa. Ofesi ndiyo iyenera kusintha kachitidwe kake kuti munthuyo athandizike, ndipo kukana kusinthako popanda chifukwa chomveka ndi tsankho.

Kusukulu

Mwana wanu ali ndi ufulu wophunzira pasukulu ya pulayimale ya kwanuko. Aphunzitsi aakulu akanena kuti "kuno kulibe malo", pitani kwa mlangizi wa maphunziro a pulayimale (PEA) wa dera lanu. Pemphani kuti mwanayo aonedwe ndi mphunzitsi wa ana ofunika chisamaliro chapadera; ambiri mwa aphunzitsiwa anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu, ndipo amapezeka m'sukulu zina zomwe zili ndi chipinda chothandizira ana otere. Mayeso a MANEB akamayandikira, kumbutsani sukulu kuti itchule ulumali wa mwanayo pomulembetsa, kuti akonzeredwe zoyenera.

Kuchipatala

Tengani buku la kuchipatala ulendo uliwonse, ndipo pemphani kuti zomwe apeza azilembemo. Mukaona kuti mwana akuchedwa kukhala pansi, kuyenda kapena kuyankhula, uzani mlangizi wa zaumoyo kusikelo, ndipo pemphani kalata yokutumizani kwa a mafizo kuchipatala chachikulu. Ngati akugwa khunyu, mankhwala ake alipo.

Munthu wamkulu aziyankhulidwa iye mwini, m'mawu osavuta, osati kumudumpha n'kumafunsa womuperekeza yekha. Kumutseka kuti asabereke iye asanavomereze ndi kuphwanya ufulu wake, ngakhale achibale atapempha.

Ku ofesi ya chisamaliro cha anthu

Ofesiyi ili paboma lililonse. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, yomwe imadzera ku ofesiyi, imasankha mabanja osaukitsitsa, choncho ulumali pawokha sukulowetsani m'ndondomekoyi. Komabe kalembera akafika m'mudzi, onetsetsani kuti waulumaliyo walembedwa. Wobisidwa m'nyumba sawerengedwa, ndipo thandizo limamudutsa.

Kupolisi ndi kukhoti

Atsikana ndi amayi aulumali wa ubongo amagwiriridwa ndi anthu odalira kuti sadzatha kufotokoza. Mlandu wotere usathere kwa amfumu kapena pa chipepeso. Thamangirani kuchipatala, kenako ku Victim Support Unit ya polisi. Pemphani chipinda chachete, nthawi yokwanira, ndi munthu womuzolowera kuti akhale pambali pake pofotokoza. Nkhanza kwa ana mutha kuzinena poimba 116 mwaulere.

Mukakanizidwa thandizo

1. Lembani tsiku, malo, udindo wa amene wakukanizani ndi zomwe wanena.
2. Kadandauleni kwa mkulu wa pamalopo. Kuchipatala cha boma funsani ofesi yolandira madandaulo.
3. Zikakanika, pitani ku ofesi ya Ombudsman kapena ku Malawi Human Rights Commission. Kudandaula n'kwaulere.
4. Ngati nkhani yafika kukhoti ndipo mulibe ndalama ya loya, pemphani thandizo ku Legal Aid Bureau.
5. Sungani makalata onse; mukapereka, perekani ofotokopa.

Mutu umodzi susenza denga. Bungwe la makolo a ana aulumali la PODCAM, komanso FEDOMA yomwe imasonkhanitsa mabungwe a anthu aulumali, angakulangizeni khomo loyenera kugogoda ndi kukulumikizani ndi makolo anzanu a m'dera lanu.