Phunziro la mwezi uno: Kodi zitsamba zimapha tizirombo?

Achinyamata, ambiri a ife tinamwapo madzi owiritsa a masamba a nimu kapena kutafunapo adyo pamene thupi silinali bwino. Ena tili ndi achibale omwe akumwa ma ARV, ndipo anthu amawauza kuti ayeseko zitsamba. Kodi gulu lathu lingawalangize bwanji?

Zomera zili ndi mphamvu

N'zoona kuti mankhwala ena akuchipatala anachokera ku zomera. Kwinini anachokera ku khungwa la mtengo wa ku South America. Mankhwala a malungo a LA, omwe dziko la Malawi linayamba kugwiritsa ntchito m'chaka cha 2007, gwero lake ndi chitsamba cha ku China chotchedwa Artemisia annua. Koma asanafike kuchipatala, akatswiri anayenga mphamvu yake, nayesa mlingo woyenera pa anthu ambiri kwa zaka zambiri.

M'mbale ndi m'thupi ndi zosiyana

Pofufuza chomera, akatswiri amadzala tizirombo m'kambale kagalasi, n'kudonthezamo madzi ofinyidwa m'chomeracho. Ngati tizirombo sitimera pozungulira dontho, amati chomeracho chili ndi mphamvu. Adyo amachita zimenezi pa mabakiteriya ena. Komatu sopo nayenso amapha tizirombo, koma palibe amene amamwa sopo. M'thupi, mankhwala amadutsa m'mimba ndi m'chiwindi, ndipo ofika m'magazi akhoza kukhala ochepa kwambiri.

Tisaiwalenso kuti HIV si bakiteriya. Kachirombo aka kamabisala m'kati mwa maselo a chitetezo cha thupi. Palibe chitsamba chomwe chinatsimikizidwa kuti chimachiza Edzi. M'chaka cha 1995, anthu zikwizikwi anakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa a Billy Chisupe, koma Edzi inapitirira kupha anthu. Imfa zinayamba kuchepa boma litayamba kupereka ma ARV aulere m'chaka cha 2004.

Ngozi zake ndi zotani?

1. Mlingo sudziwika. Mphamvu ya tsamba imasintha malinga ndi nthaka, nyengo ndi kaphikidwe. Kapu ya lero siifanana ndi ya mawa.

2. Chiwindi ndi impso zikhoza kuvulala, chifukwa ndizo zimachotsa mankhwala m'thupi.

3. Zitsamba zina zimafooketsa ma ARV. Kafukufuku yemwe anasindikizidwa ku America m'chaka cha 2002 anapeza kuti makapisozi a adyo anachepetsa ndi theka mankhwala a saquinavir m'magazi. Chitsamba cha St John's wort nacho sichiloledwa kwa munthu womwa dolutegravir, yemwe ali m'ma ARV omwe ambiri akulandira lero. Ma ARV akachepa m'magazi, kachirombo kamachulukananso ndipo kamayamba kusamva mankhwala. Adyo wothira mu ndiwo alibe vuto.

4. Amayi oyembekezera ali pangozi yaikulu. Mwanamphepo amalimbitsa matenda a kubereka mopitirira muyeso, ndipo chiberekero chikhoza kuphulika.

5. Kuchedwa. Amene akuchiza chindoko kapena chifuwa chachikulu ndi mizu amataya nthawi, uku akupatsira ena.

Tichite chiyani?

Tisanyoze agogo athu kapena asing'anga. Ambiri amafuna kuthandiza. Koma mnzathu amene ali pa ma ARV asasiye ngakhale tsiku limodzi. Auze adokotala kapena anamwino zitsamba zonse zomwe akumwa, ndipo atenge botolo lake popita kuchipatala. Masamba a chammwamba ndi ndiwo zabwino, koma salowa m'malo mwa mankhwala.

Mafunso okambirana pagulu

1. Ndi zitsamba ziti zomwe zimagulitsidwa m'dera lathu, ndipo ogulitsa amalonjeza chiyani?

2. N'chifukwa chiyani anthu amabisira adokotala kuti akumwa zitsamba?

3. Konzani sewero: azakhali abweretsera mnzanu botolo la mankhwala, akuti asiye ma ARV. Muwayankha bwanji mwaulemu?