Sevisi ya galimoto: kwa dila kapena pakhomo? Tifunse fizikisi

Sabata yatha titamaliza phunziro la ma moment, mnyamata wina wa Fomu 4 anatsalira m'kalasi ndi funso limene mulibe m'buku. Bambo ake ali ndi Toyota Sienta yoitanitsa ku Japan, ndipo atopa ndi mabilu a sevisi. Akuti kuyambira tsopano azipanga okha pakhomo, iyeyo azigwirira sipanala. "Ndiye aphunzitsi, n'zotheka, kapena tiipha galimoto?"

Ndinamuuza kuti zonse ziwiri zikhoza kuchitika, ndipo chosiyanitsa ndi zomwe tinali titangophunzira kumene. Ndalemba pano kuti enanu mumveko.

Galimoto yatsopano yogula kwa dila imabwera ndi warranty, lonjezo loti ikavuta akonza ulere, ndipo kawirikawiri lonjezolo limafuna kuti sevisi izitsata ndondomeko yawo ndi kulembedwa m'buku. Pamenepo palibe zokangana, pitani kwa dila. Koma ma Vitz, ma Probox ndi ma Sienta ambiri m'misewu yathu anabwera atayenda kale, warranty inatha kalekale. Kwa amenewa funso ndi ili: ntchito iti imangofuna maso ndi manja, nanga iti imafuna chida choyezera?

Tiyambe ndi manati a teyala. Mukukumbuka kuti moment ndi mphamvu kuchulukitsa ndi mtunda wochokera pamene chinthu chikuzungulirapo, ndipo timayeza mu N m. Opanga galimoto amalemba moment yomangira nati iliyonse. Pa magalimoto ang'onoang'ono ambiri a Toyota, manati a teyala amafuna 103 N m. Tsopano kumbukirani zomwe mumaona pokonzera matayala m'mbali mwa msewu: munthu waika sipanala, n'kukwerapo ndi phazi. Ngati ali wa makilogalamu 70, akukanikiza ndi pafupifupi 700 N. Sipanala ikakhala ya 0.3 m ndipo yagona chopingasa, moment ndi 700 × 0.3, yomwe ndi 210 N m. Kuwirikiza kawiri. Akalowetsanso paipi ya mita imodzi kuti "igwire bwino", afika 700 N m, pafupifupi kasanu ndi kawiri kuposa zofunika.

Wina anena kuti bola yothina kusiyana ndi yomasuka. Ayi ndithu. Bawuti ili ngati sipuling'i yolimba kwambiri. Mukamamanga nati, bawuti imatamuka pang'ono, ndipo kufuna kwake kubwerera ndi kumene kumapanikiza wilo pamalo pake. Lamulo la Hooke lija limagwira ntchito mpaka pa elastic limit. Mukapyola pamenepo chitsulo sichibwereranso, chimawonda, mwina kung'aluka mkati mosaoneka. Ine zinandionekera. Teyala linaphwa pa M1 cha ku Ntcheu, dzuwa likulowa, ndipo pomasula, bawuti imodzi inangothyoka ngati chinangwa. Amene anamanga komaliza anali ataipweteka kale. Inathyoka galimoto itaima, mwayi wanga. Ikanathyoka ikuthamanga, mabawuti otsalawo akanasenza katundu wa mnzawo.

Chida chothetsa vutoli ndi torque wrench, sipanala imene mumaitchera pa nambala yofunika ndipo imalira kuti "tiki" mukafikapo. Kwa dila ilipo, ku galaja yabwino ilipo, ndipo munthu akhoza kugula yake kamodzi n'kuigwiritsa zaka. Dzanja lokha, ngakhale la makaniko wa imvi, silidziwa kusiyanitsa 100 ndi 160.

Kusintha oyilo ndi fyuluta yake ndi ntchito yotheka pakhomo. Oyilo amalowa pakati pa zitsulo kuti zisakhulane, ndipo manambala a pachigubu, monga 5W-30, amanena za kukhuthala kwake: yoyambayo injini ikazizira, yachiwiriyo pa 100°C. Injini zambiri zatsopano za ku Japan zimafuna oyilo wopyapyala ngati 0W-20. Anthu ena amathira wokhuthala poganiza kuti ndiye wamphamvu, koma m'mawa kukazizira oyilo wotere amachedwa kufika pamwamba pa injini, zitsulo n'kumakhulana kwa masekondi angapo tsiku lililonse. Onani buku la galimotoyo, osati zonena za pa bawo. Ndipo chonde, musalowe pansi pa galimoto imene yaima pa jeke yokha kapena pa njerwa. Pamafunika zochirikiza zachitsulo, pamalo olimba ndi osatsetsereka.

Fyuluta ya mpweya, ma wiper, kupukuta mitu ya batire, izi zilibe nkhani. Mpweya wa m'matayala nambala yake imalembedwa pakapepala komata pa felemu ya chitseko cha dalaivala, ndipo muziyeza matayala asanatenthe, chifukwa mpweya ukatentha pressure imakwera. Pa redieta pokha samalani. Chivindikiro chake chimasunga pressure yoonjezera pafupifupi bar imodzi, zomwe zimachititsa kuti madzi asawire mpaka cha m'ma 120°C. Mukatsegula injini ili yotentha, pressure imagwa nthawi yomweyo, madzi aja amawira mwadzidzidzi n'kukuthirani kumaso.

Mabuleki ndi pamene ine ndimaimira. Amagwira ntchito ndi mfundo ya Pascal: mukaponda, pressure imayenda m'mafuta a mabuleki mpaka ku mawilo onse, chifukwa zamadzimadzi sizifinyika. Mpweya umafinyika. Kathovu kamodzi kakatsalira m'paipi posintha mafutawo, phazi limangofinya kathovuko, pedulo n'kumira.

Palinso china chobisika. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi. A mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano sawira pansi pa 230°C, koma akamwa madzi okwana magawo osafika 4 pa 100 alionse, akhoza kuwira cha pa 155°C. Kutentha kotereku kumachokera kuti? Tiwerengere. Galimoto ya makilogalamu 1,200 ikatsika mamita 500, tiyerekeze potsetsereka ngati pa Chiweta, imataya mgh, ndiye 1,200 × 10 × 500, yomwe ndi 6,000,000 J. Mphamvu imeneyi ikhoza kutenthetsa malita pafupifupi 18 a madzi kuchoka pa 20°C mpaka kuwira. Dalaivala akamatsika ndi mabuleki okha, osagwiritsa giya yotsika, yochuluka mwa mphamvuyi imasanduka kutentha pa mawilo. Mafuta akale akawira mumakhala nthunzi, nthunzi imafinyika ngati mpweya, ndipo buleki imasowa pakati pa phiri. Maso sangakuuzeni kuchuluka kwa madzi m'mafutawo. Ntchito iyi ipite kwa dila kapena kwa makaniko wodziwa amene ali ndi zida.

Chimodzimodzinso ma hybrid. Batire wamba ndi wa 12 V, koma wamkulu wa Toyota Aqua ndi wa 144 V, wa Prius pafupifupi 200 V. Mawaya a mtundu wa olenji mukawaona, bwezani dzanja. Nako kanyali ka injini kakayaka pa dashibodi, kongoganizira n'kumagula masipeya mmodzimmodzi kumadya ndalama kuposa kukalumikiza kompyuta yowerenga vuto.

Mnyamata uja ndinamuuza akauze bambo ake kuti oyilo, mafyuluta ndi matayala apange okha, koma ayambe agula torque wrench ndi zochirikiza galimoto. Mabuleki ndi zamagetsi azipita nazo kwa odziwa.

Nayi ntchito yanu. Sipanala ndi yotalika 0.4 m, ndipo nati ikufuna 103 N m. Mukankhe kunsonga kwake ndi mphamvu ya ma newton angati? Nanga mphamvu imeneyo ikufanana ndi kulemera kwa makilogalamu angati? Mukapeza yankho, yerekezani ndi thupi la munthu amene mumamuona akudumphira pa sipanala. A m'kalasi mwanga, makope ndiona Lolemba.